Masamba pa Njira ya kwa a Kochi

A Kalebe Gwaza a m'mudzi wa Mphanda, kuseri kwa mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, sanaphunzire ukochi kusukulu ina iliyonse. Anali mlimi wa fodya ngati anzawo, wa zikhatho zokhakhala ndi msana wozolowera kuwerama. Mpira anakaudziwira ku esiteti ina ku Kasungu kumene anakakhala tenanti ali mnyamata. Pobwerera kwawo anabwera ndi zinthu ziwiri: wezulo wachitsulo ndi mkazi, a Margareta, amene iwo ankawaitana kuti a Namwale. Mayiwa ankakonda kunena kuti pa ziwirizo, chimene chinkasamalidwa bwino ndi wezulo.

Chaka chino, fodya atangochoka m'zigafa, a Kalebe anagwa pakhonde akumanga zingwe za nsapato. Dzanja ndi mwendo wamanzere zinalefuka, pakamwa panapotoka pang'ono. Anagonekedwa kuchipatala cha Madisi, ndipo anatulukako akuyendera ndodo. Tsiku lotuluka, adokotala anaitanira a Namwale pambali nawauza mosabisa kuti magazi akadzathamanganso chomwecho, mwina bambowo sadzadzuka. Asapse mtima, asakondwe mopyola, phokoso likhale kutali. Kuyambira tsiku limenelo a Namwale ankakhala khutu lili tcheru. Bambo akatsokomola, iwo anali atafika kale pakhomo.

Ndiye kunadza Loweruka lina loipa. Mankhwala anali atatsala pang'ono kutha, ndipo wokatenga ena ku Madisi anali a Namwale omwewo. Tsiku lomwelo Njuchi, timu ya pa Mphanda imene a Kalebe anaiyambitsa ndi kuilera, inkasewera ndime yomaliza ya chikho pabwalo la mudzi wa kutsidya. Timuyo tsopano inali m'manja mwa wina amene anakulira pa wezulo wawo, koma mtima wa a Kalebe unali usanaisiye.

"Iness, mwana wanga," anatero a Namwale kwa mpongozi wawo asananyamuke, "wina aliyense akabwera ndi nkhani za mpira, umubweze. Apambane, agonje, bambo ako asamve mpaka nditabwera."

"Ine ndikumva zonsezo, a Namwale," anatero a Kalebe ali m'nyumba. "Wafa ndi mwendo, osati khutu."

Pobwerera, dzuwa litapendeka, anakwera njinga ya kabaza ya Andreya, bambo wa ana ake tsopano, amene kale anali goloboyi wa Njuchi. Misewu ya kumeneko siilola munthu kupalasa nthawi yaitali. Pachitunda chilichonse ankatsika, Andreya n'kumakankha njinga, a Namwale n'kumatsatira pambuyo ndi kachikwama ka mankhwala kukhwapa.

"Iwe Andreya, ukanamagwira mpira mmene ukugwirira mahandulowa, bwenzi mkulu uja alibe nthenda ya magaziyi."

"Mayi, zigoli za ku Mponela zija mpaka lero? Tsiku lija ndinali ndi malungo."

"Malungo ake a kachasu."

Andreya anaseka mpaka njinga inafuna kumupulumuka. Kenaka anatokota za masiku ake. Anakumbutsa mmene a Kochi ankayendera madimba m'mawa kukaona ngati osewera athirira nazale za makolo awo, ndipo wopezeka nazale ili gwa ankaonera mpira ali kunja kwa mzere, ngakhale akhale katswiri wotani. Anakumbutsa za tsiku limene munthu wina anabwera ndi kanyanga koti akakwirire pagolo, a Kochi n'kumuuza kuti akakwirire m'munda mwake, mwina chimanga chingamubalire. M'mwezi wa Ramadani ankachepetsa kuthamanga kuti ana a Chisilamu a patawuni asakomoke, ndipo wodandaula ankamuuza kuti ayese kaye kuswera osamwa madzi. Maliro akagwa m'mudzi, mpira unkaima, timu yonse n'kupita kukathandiza adzukulu kukumba manda.

A Namwale ankangoti "Eya, eya," koma mtima unali kunyumba. Atadutsa pabwalo la Njuchi, lomwe tsikulo linali zii, anatembenuka kuliyang'ana. Iwo analidziwa lisanakhale bwalo. Panali chulu chachikulu pakatikati ndi ziputu za mitsatsi mbali zonse. Amuna awo anagumula chulucho ndi makasu obwereka, chilimwe chathunthu, anthu akuwaseka kuti akulima munda wosadzalamo kanthu. Magolo anali a bulugamu wa kuseri kwa nyumba yawo, mizere inali ya phulusa la pamoto pawo, ndipo majezi oyamba anawachapa iwo kudambo mpaka manja kusupuka. Bwalolo silinawongoke mpaka lero. Limapendekera kumadzulo, ndipo alendo amadandaula kuti theka limodzi la masewera amasewera akukwera phiri.

Atatsika kamtsetse komaliza, Andreya anamanga mabuleki mwadzidzidzi. Anatsika, navula chipewa.

Pamphambano pamene kanjira kokwera kwa a Gwaza kamapatukira, panali masamba. Nthambi zaziwisi za mango ndi za kesha zinali ndandanda kudutsa msewu wonse, zina zitagonera kukanjirako. Kwathu kuno masamba otere alibe nkhani ziwiri. Amauza wodutsa kuti atsike njinga, avule chipewa, pakhomo apo pagwa zovuta. Ndipo kanjirako kankapita nyumba imodzi yokha.

A Namwale anaima chilili. M'makutu munalira ngati mwalowa udzudzu.

"Mayi," anatero Andreya, akupisa m'thumba, "ndiimbe foni kwa a Iness?"

"Ayi. Zimenezi sindimvera pafoni."

Anamasula chitenje nachimanganso zolimba m'chiuno, monga achitira amayi polowa pamaliro, nayamba kukwera. Andreya anagoneka njinga m'udzu n'kuwatsatira. Kanjirako anali atakayenda kuyambira ali mtsikana wobwera kumene kuchitengwa, koma tsikulo kanatalika ngati kachilendo. Ankadzifunsa kuti wabweretsa nkhani ya mpira ndani, ndipo Iness anali kuti. Kodi bambowo agwera pakhonde pomwe paja? Aitana dzina lawo, iwo ali pamzere ku Madisi?

Chapakati anakumana ndi a Modesta, mnzawo wa kumpingo, akutulukira m'munda wa chinangwa ndi mtolo wa nkhuni za pamaliro pamutu. Nawonso anali ataona masamba aja. Anatula nkhunizo, nagwira a Namwale mkono, misozi ili chuchuchu.

"Limbani mtima, anzanga. Ine ndaona masamba ndikuchokera kuchigayo. Ndauzako kale a kumunsi kuja."

Anakwera limodzi, a Modesta akusisima. Atayandikira mpanda wa nyumba anamva nyimbo yapansipansi, yoimbidwa pang'onopang'ono, ya mawu osamveka bwino. Polowa, anapeza bwalo lonse la nyumba ladzaza achinyamata atakhala pansi padothi, anyamata mbali iyi, atsikana mbali iyo, zipewa zili m'manja, mitu ili zyoli. Panalibe woseka. A Namwale anatsegula pakamwa kuti alire.

Nthawi yomweyo kuchokera pakhonde kunamveka mawu olemera lilime, koma aukali wake womwe uja.

"Ndiye iweyo unali kuti anzako akubwerera kumbuyo? Unkadikira minibasi?"

A Kalebe anali tsonga pampando wawo wa ndalema, bulangete m'miyendo, chikho chonyezimira chili pamaondo, ndodo italoza mnyamata wina wamtali amene ankakanda m'mutu.

A Namwale anakhala pansi pomwepo, pakati pa ana aja, kachikwama kali poteropo. Mpweya unatuluka wautali ngati wa munthu amene watula mtolo wa udzu wochokera nawo kuphiri. Iness anathamanga kudzawagwira.

"Amayi, mwatani? Chizungulire?"

"Masamba aja waika ndani pamsewu?"

Ana aja anayang'anana. Amene anadzuka n'kudzanjuta patsogolo pawo anali Hashim, mwana wa a Ramadani a golosale patawuni, mtsogoleri wa ochemerera a Njuchi. Nkhope inali itapakidwa choko, mawu atasasa ndi kukuwa.

"Agogo, ndi ife. Tapambana, ndiye tinathyola nthambi n'kumavina nazo njira yonse. Titafika pamphambano, alamu a Iness anatitchingira kuti a Kochi safuna phokoso. Tinawachonderera kuti tingowaonetsa chikho basi. Ndiye tinagwirizana kuti nthambi ndi mavuvuzela zitsale, tilowe mwaulemu, nyimbo yathu tiimbe chapansipansi."

"Zitsale kuti?"

"Mavuvuzela tabisa m'udzu, angabedwe. Nthambi tinangozisiya pamsewu." Anayamba kuzengereza. Anayang'ana chitenje cha a Namwale, nayang'ana maso ofiira a a Modesta, kenaka Andreya amene chipewa chinali chikadali pachifuwa. Anagwira pakamwa. "Ayi, agogo. Sitinaganize."

"Ine sindinatsikenso kumsewu atazisiya, amayi," anatero Iness. "Ndikanaona."

"Chikuchitika n'chiyani uko?" anafunsa a Kalebe.

A Namwale anadzuka msangamsanga, nakagwada pambali pa mpando, nagwira dzanja lolefuka lija. Linali lofunda. Analigwirabe.

"A Gwaza, ndikuuzani, koma musapse mtima. Anawa akulengezerani maliro."

A Namwale ankayang'anitsitsa mtsempha wa pakhosi pa amuna awo. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka, pakamwa popotoka paja panatseguka, nkhalambayo n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye mwandiika m'manda chikho chili m'manja? A Modesta, munalira bwino koma?"

"Ndalira zenizeni, a Gwaza, ndipo misozi imeneyo mundibwezere."

Ana aja anaseka mwamantha, ena akubisa nkhope. Hashim yekha sanaseke. Anasendera pafupi ndi khonde chokwawa.

"A Kochi, mutikhululukire. Ife tinabadwa bwalo lilipo kale, tinkayesa linamera lokha. Za inu tinkangomva kwa abambo athu. Anga amati mukanapanda inu, sakanaloledwa kusewera ndi ana a kumudzi, ndipo anzawo onse amene ali nawo lero anawapezera pabwalo paja. Lero atatimwetsa chigoli choyamba palibe amene anatukwana lefa, palibe anatola mwala. Tinangoti a Kochi akamva tidzayang'ana kuti? Ndiye chikhochi tinati chisagone kwina. Ife kusewera sititha, timangokuwa, koma timakuwira timu yanu."

A Kalebe anasisita chikhocho ndi dzanja lamoyo. Maso ananyowa, ndipo a Namwale anafinya dzanja linalo kuwakumbutsa.

"Ndamva, mwana wa Ramadani. Bambo ako anali ndi mwendo wamanzere wokoma, koma waulesi." Anapumira. "Tsopano tamverani. A Modesta auza kale a kumunsi. Mukachedwa, adzukulu ayamba kunola makasu. Nyamukani nonse. Masamba aja achoke, ngakhale tsamba limodzi lisatsale. Mugawane makomo, mukanene ndi pakamwa panu kuti mwalakwitsa ndinu. Mukapeza akuluakulu, mugwade."

"Tithamange, a Kochi?"

"Ukufunsa?"

Bwalo linangoti balala. Anyamata ndi atsikana anatsika kanjira kaja liwiro la mtondo wadooka, fumbi koboo. Pachipata anaphonyana ndi nkhalamba ina imene inkalowa mwakachetechete, khasu paphewa. Itaona a Kalebe pampando inaima, n'kuyang'ana khasu lake, n'kuyang'ananso a Kalebe.

"Mwafulumira, achimwene," anatero a Kalebe. "Khalani pansi, muone chikho."

A Modesta anafunsa ngati nkhuni zawo abwerere nazo. Iness anati zibwere, anthu amene akwere phirili ndi ambiri, afunika tiyi ndi mbatata. Andreya anavala chipewa chake, nachivulanso, nakakhala pansi pafupi ndi mapazi a kochi wake, akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

A Namwale sanasunthe. Chifuwa chinali chitamasuka. Kuchokera pakhondepo mudzi wonse unkaoneka m'munsi, madenga a malata ndi a udzu, zigafa zopanda fodya, ndi timagulu ta ana aja tikumwazikana m'tinjira. Mawu awo ankakwera ndi mphepo, khomo ndi khomo: "A Kochi ali moyo! Talakwitsa ndi ife!"

Kutsidya kwa dambo munthu wina anaima pachulu, nazinga manja pakamwa.

"Tamva! Nanga mpira watha bwanji?"

Apo m'pamene a Namwale anaseka, mutu atautsamiritsa pamkono wa mpando wa amuna awo.