Kachewere wa Chaka cha Sitalaka

Chaka chimene tinanyanyala ntchito ku yunivesite, ine ndinali mlembi wa bungwe la aphunzitsi. Anandisankha chifukwa cha pakamwa, osati nzeru. Ndine mkazi wosachedwa kupsa mtima, ndipo ndikapsa mtima mawu amangobwera okha. Kwacha inali itagwa mphamvu, sopo ndi mafuta ophikira zikukwera tsiku ndi tsiku, koma malipiro athu ali pompo ngati chitsa. Akuluakulu a sukulu ankati ndalama zochokera ku boma zachepa, thumba labooka, tiyambe tadikira. Ife tinati tadikira mokwana.

Pa msonkhano wogwirizana za sitalaka, mphunzitsi wina wachikulire anafunsa ngati tingalole ophunzira a chaka chomaliza kupitiriza kafukufuku wawo. Ndinadzambatuka ine. Ndinati ayi, osaphunzitsa, osachonga mayeso, osayang'anira kafukufuku, ndipo aliyense wochita zimenezi mwamseri ndi mthirakuwiri. Anthu anaomba m'manja kwa nthawi yaitali. Ndinakhala pansi ndikumva kukoma.

Mwa ophunzira amene ndinkayang'anira kafukufuku wawo munali mtsikana wina wa ku Dedza, wochokera m'midzi ya m'mapiri kuseri kwa Chimbiya. Ine kwathu ndi ku Mayani, ku Dedza komweko, choncho ndinkamutenga ngati mng'ono wanga. Anali wofatsa, wa manja okhakhala, woyamba m'banja mwawo kuponda pa yunivesite. Kafukufuku wake unali wa kachewere. Anapempha mayi ake chigawo cha munda, n'kuchidula timagawo ndi zikhomo ndi zingwe: uku manyowa a ng'ombe, uku a nkhuku, uku feteleza, uku osathira kanthu. Lamulo la dipatimenti yathu linali loti pokumba woyang'anira akhalepo, ndipo zokolola za kagawo kalikonse ziyezedwe pa sikelo ya sukulu iye akuona. Popanda zimenezo palibe lipoti, popanda lipoti palibe digiri. Sikeloyo inali m'kabati ya mu labotale, kiyi wake ali m'chikwama changa.

Tinkaganiza kuti mabwana agonja msanga. Sanagonje. Sukulu inatsekedwa, ophunzira anabwerera kwawo, ife a komiti tinayamba kuyendera ku Lilongwe kukakambirana. Tinkakhala m'chipinda chozizira, patebulo pali madzi a m'mabotolo ndi maswiti. Iwo ankationetsa manambala pakhoma, ife tinkawauza mtengo wa thumba la chimanga. Akatchula kangachepe koti awonjezere, ine ndinkamenya tebulo, wapampando wathu n'kumandigwira mkono monamizira kundiletsa. Kenaka tonse, ife ndi iwo omwe, tinkakadya nkhomaliro pamalo amodzi.

Kachewere sadziwa za sitalaka. Mtsikana uja anandiimbira foni.

"Madamu, masamba ayamba kuuma. Wakhwima."

"Dikira pang'ono, mwana wanga. Nkhaniyi yatsala pang'ono kutha."

Anadikira. Ataimbanso anati mvula sikuleka, mfuko zalowa m'munda, ndipo mayi ake akufunsa kuti aphunzitsi odzaonerera pokumba aja abwera liti. Ndinamuyankha zomwezo.

Chimene chimandiwawa ndi choti msewu wa ku Lilongwe umadutsa pa Chimbiya pomwepo. Tinkayenda pa galimoto ya wapampando, ndipo iye sankadutsa osaima kuti agule tomato ndi kabichi. Ine ndinkatsala m'galimoto, n'kumayang'ana kamsewu kafumbi kokwera kumapiri. Tsiku lina Loweruka ndinafika mpaka pa khomo la labotale, kiyi ali m'manja. Ndinaona aphunzitsi anzanga awiri akucheza pansi pa mtengo chapafupi, ndinawapatsa moni, n'kubwerera. Palibe akanandimenya. Ndinangoopa kuti mawa adzati mthirakuwiri uja ndi mwini mawu yemwe.

Tsiku lina masana, tikubwerera zokambirana zitalephereka, tinaima pa Chimbiya monga mwa nthawi zonse. Kunali nkhungu ndi kamphepo kathu kolowa m'mafupa. Wina anagogoda pa galasi. Ndinaganiza kuti ndi wogulitsa, ndinagwedeza mutu osayang'ana. Anagogodanso. Anali mtsikana uja, pambali pake pali mayi wamfupi atavala juzi ndi chitenje cha amayi a kutchalitchi. Pansi panali thumba lodzaza, losokedwa pakamwa ndi luzi. Ndinatsika.

Mayiwo ananjuta, n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Mwaswera bwanji, amayi aphunzitsi? Mwanayu ndiye amaidziwa galimotoyi. Tabwera m'mawa kudzakudikirani."

"Ndaswera bwino, amayi, kaya inu. Pepani, sindinathe kufika kumunda."

"Aaa, musadandaule, tikudziwa muli pa mavuto. Tinakumvani pa wailesi mukunena kuti ana anu akugona ndi njala. Ndiye ku mphakati tinakambirana, tinati munthu wa konkuno, wotiphunzitsira mwana, angavutike chonchi ife tili ndi chakudya m'munda? Takhala tikukupemphererani, komatu pemphero lokha salidya."

Ndinanenadi zimenezo. Mtolankhani anandiika maikolofoni pakamwa ndikutuluka m'chipinda chija mtima uli m'mwamba, ndipo mawuwo anatuluka okha. Ana anga sanagonepo ndi njala. Chimene chinasintha kwathu ndi choti nyama tinkaidya Lamulungu lokha, ndipo galimoto yanga inkakhalitsa pakhomo chifukwa cha mafuta. Ndinkalankhula kuti mabwana amve. Sindinaganize kuti mawuwo akafika pa mphakati, pamene mabanja oyandikana amakumana kupemphera ndi kuona amene ali pa vuto. Kumeneko munthu akati njala, amatanthauza njala.

Ndinafunsa mtsikanayo: "Kachewere ameneyu ndi wa munda uti?"

Anayang'ana pansi. "Tinakumba, madamu. Anayamba kuwola."

"Unayeza?"

"Ndimati ndiziyeza ndi ndowa, kagawo ndi kagawo, mwina mukanandilola. Koma ndinapita kukabwereka ndowa zina, pobwera ndinapeza amayi a ku mphakati afika kale kudzathandiza."

Sanafunike kupitiriza. Ndinakulira m'munda wa kachewere, ndikudziwa mmene timakumbira. Aliyense amagwira mzere wake, zonse n'kukaunjika pamulu umodzi pakati pa munda, kenaka n'kukhala pansi kusankha: wamkulu wa kumsika, wapakati wa pakhomo, wamng'ono wa mbewu. Umo ndi mmene anachitira, mwachangu ndi mwachikondi, akuimba nyimbo za kutchalitchi. Wa manyowa a nkhuku, wa feteleza, wosathira kanthu, yense pamulu umodzi.

"Zingwe zija zimatikola m'miyendo, ndiye tinazula," anatero mayiwo. "Koma inu takusankhirani wamkulu yekhayekha."

Mphatso yotere siikanidwa. Ukaikana watukwana mudzi wonse. Wapampando anafika ndi jumbo yake ya tomato, atamva nkhaniyo anatsekula buti mosangalala. "Mwaona, alembi? Anthu ali pambuyo pathu!" Ndinafuna kumulasa ndi mawu, koma kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho ndinangomuleka. Ndinathokoza mayiwo, ndinalowa m'galimoto. Kunyumba ana anakazinga tchipisi masiku angapo, akuyamikira kuti kachewere wa ku Dedza ndi wina. Ine sindinathe kumudya.

Sitalaka inatha. Anatiwonjezera, osati zonse zimene tinkafuna, komabe anatiwonjezera. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti tinali ndi chifukwa chomveka, ndipo ndikakumana ndi mabwana aja mtima umandiwirabe. Koma zimenezo sizindichotsera manyazi. Ku dipatimenti ndinachonderera, anandiyankha mwaulemu kuti lamulo ndi lamulo: mtsikanayo abzalenso dzinja likubweralo, abwereze chaka. Ngongole ya boma imene inkamulipirira sukulu inali itathera pa chaka chomalizacho.

Sukulu itatsekulidwa sanabwere. Ndinamuimbira. Anati akugulitsa m'golosale ya amalume ake pa boma, ndipo chigawo chija mayi ake akufuna adzabzalemo chimanga. Ndinamuuza kuti fizi ya chaka chimenecho ndilipira ine, mbewu ndi feteleza ndigula ine, sikelo ndidzabwera nayo ndekha ngakhale kugwe matalala. Ndinalankhula mofulumira, ngati ndili pa zokambirana. Iye anati nkhani yotere sangayankhe yekha, akafunse kaye kunyumba.

Anandiimbira patapita masiku.

"Madamu, amayi akuthokoza kwambiri. Koma akuti sangalole."

"Chifukwa chiyani? Uwauze kuti zija ndinanena pa wailesi sizinali choncho. Ana anga ali bwinobwino."

"Ndinawauza, madamu. Akuti munthu waulemu amatero kumene akamabisa mavuto ake. Akuti tikalandira ndalama zanu tikhala tawalanda ana anu chakudya pakamwa."