Tsiku Limene Adada Anaponda Moto

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga, omwe tinkangowatchula kuti Adada, ankayendetsa pikapu ya mlimi wina wa fodya ku Hewe. Pamwamba pa galasi anamatapo chithunzi cha katswiri wa ku Brazil wa mpikisano wa magalimoto. Moyo wa mkuluyo ankaudziwa ngati wa msuweni wawo: momwe anayambira ndi tigalimoto ting'onoting'ono ali mwana, momwe ankapambanira pamvula anzake akuterereka. Koma iwowo pamsewu anali kamba weniweni. Ndikawaseka ankati, "Mnzangayu amapambana chifukwa phazi lake n'lopepuka. M'matope saponda moto, Tiwonge."

Amama anali oyembekezera. Loweruka lina m'mawa, mvula itagwa masiku atatu, matenda anawayamba mwezi usanakwane. Pachipatala chaching'ono chakwathu anati tithamangire ku Boma. Tinawagoneka kumbuyo pamatiresi, azakhali atawafungatira, ine ndinakhala kutsogolo.

Tisanafike ku Bolero tinapeza msewu wasanduka phala lofiira. Adada anaika giya yachiwiri n'kuyamba kulowa pang'onopang'ono. Kumbuyo Amama anakuwa. Ine mtima unandipsa.

"Adada, thamangani chomene! Amama akufa!"

Anaponda moto. Matayala anazungulira pamalo amodzi akulavula matope, galimoto n'kukhala pansi ndi mimba. Anthu anachoka m'minda ndi makasu, ena anathyola nthambi, ena anasenza miyala. Adada anakumba ndi manja mpaka zala kutuluka magazi. Ine ndinangoima chilili, fungo la matayala opsa lili m'mphuno, ndilibe choti n'kugwira. Tinatuluka dzuwa litapendeka. Amama anapulumuka, koma mwanayo anabadwira pamsewu pompo, ndipo sanalire.

Ndinadikira chikwapu, sichinabwere. Zaka zinapita, nkhaniyo palibe ankaitchula, ine ndikudziona ngati wakupha. Nditakula, ndili ndi ana anga, ndinalimba mtima n'kuwapepesa Adada. Anandiyang'ana modabwa.

"Kodi iwe unayankhula? Yayi, mwana wane, sindinakumve n'komwe. Ndinkangomva amama ako basi. Phazi lija linali langa."

Lero ndikumvetsa kuti munthu angadziwe bwinobwino choyenera kuchita, koma wokondedwa wake akakuwa, nzeru zonse zimathawa. Chimene chimandipweteka mpaka pano n'chakuti m'nyumba imodzi tinasenza mlandu umodzi anthu awiri, aliyense akuyesa kuti ndi wake yekha.