Buku la Pageti

Ana a sukulu ankawatchula kuti Anaonandani, ndipo iwo ankadziwa. Dzinali linachokera ku funso lawo. Mwana akayankha molimba mtima kuti nkhondo yakuti inayamba chifukwa chakuti, iwo ankavula magalasi, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Anaona ndani?"

Anaphunzitsa mbiri zaka makumi atatu m'kalasi imodzimodzi, yakumapeto, imene windo lake linayang'ana chumuni cha fakitale ya nsalu imene inapsa kalekale. Chumuni chokhacho ndicho chinatsala chiimire. Anali munthu wosamwa, wosapita kumpira, wosalankhulalankhula. Akazi awo ankati, "Bambo akwathu ukawafunsa nthawi, amangokuonetsa wotchi."

Chaka chilichonse, teremu yachiwiri, ankadula bolodi pakati ndi choko. Kumanzere ankalemba WOONA, kumanja WOMVA. Kumanzere ankapachika lipoti la moto wa pafakitale, lotayipidwa ndi kalaliki amene analipo tsikulo. Kumanja ankaika kabuku kolembedwa patapita zaka makumi awiri ndi munthu amene anangowerenga lipotilo. Zonse ziwiri zinkanena chimodzi: mlonda anataya ndudu, n'kuthawa ndi makiyi a chitseko chakumbuyo, anthu n'kupsera mkati. Akatero ankalemba nambala ya akufawo, 17, ndi seveni wawo uja wa mchira wopindika ngati mbedza, amene ana ankamutengera m'makope pofuna kuseka.

Chimene ana sankadziwa n'chakuti kalalikiyo anali iwowo. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Nsalu zinkasowa, ndiye bwana anawatuma kuti masana azikhoma chitseko chakumbuyo. Tsikulo anakhoma, makiyi m'thumba, ulendo wa kupositi. Pobwera anapeza utsi. Lipotilo bwana ankanena, iwo n'kumatayipa. Mlonda anafera kundende. Iwo bwana anawapezera malo kukoleji ya aphunzitsi, ndipo buku la pageti, mmene aliyense wotenga makiyi ankalemba ndi dzanja lake, anthu onse ankati linapsa.

Chaka chawo chomaliza asanapume ntchito anapereka ntchito ya masiku onse: aliyense abweretse kuchokera kunyumba chinthu chimene chinalipo pa nthawi yake. Lachisanu tebulo linadzaza. Panali makadi akusikelo, zithunzi zaukwati zachikasu, tikiti ya sitima. Wina anabweretsa mano oikirira a agogo ake m'kabotolo.

"Awa ndi Woona, aphunzitsi. Chilichonse chimene agogo anadya, analipo."

"Nanga agogowo lero adya ndi chiyani?" wina anafunsa kumbuyo, kalasi yonse n'kufa ndi phwete.

Mmodzi yekha sanaseke, mtsikana wa pabenchi yakutsogolo amene anzake ankamutchula Loya chifukwa cha makani. Anaimika dzanja.

"Changa ndibweretsa Lolemba. Amayi akuchita kukanakana, akuti n'cha malemu bambo awo. Ndi buku la pageti ya pafakitale. Agogo anga ndi mlonda uja."

Choko chinathyoka m'dzanja la aphunzitsi. Anawerama, anatola zidutswa zonse ziwiri, n'kuziika bwinobwino pamphepete pa bolodi.

"Bweretsa," anatero.

Loweruka anakhala pakhonde tsiku lonse, nyuzipepala ili pamiyendo yosatsegula. Lamulungu anapukuta nsapato kawiri. Akazi awo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, mukudwala?"

"Ayi."

"Ngati mukudwala, mawa musapite. Kwatsala miyezi itatu basi, ndani angakunenereni?"

Iwo anaganizadi zimenezo. Anaganizanso kuti akhoza kulandira bukulo, kunena kuti akaliwerengere kunyumba, ndipo mabuku amasowa. Mtsikanayo akanawapatsa ndi manja awiri.

Lolemba kunacha ndi mitambo yolemera koma yosagwetsa mvula. Loya anatulutsa bukulo m'jumbo, analikulunga ndi nsalu yakale ya pilo. M'mbali linali lakuda, ndipo atalitsegula, a mabenchi akutsogolo anamva fungo la utsi, utsi wa zaka makumi anayi.

"Agogo analiponya pa mpanda, amayi n'kulitola. Apolisi sanalifunse."

"Likhale mbali iti?" aphunzitsi anafunsa kalasi.

"Kwa Woona!"

"Ndiye pali vuto," anatero Loya. "Lipoti nalo lili kwa Woona. Lipoti likuti makiyi anali ndi agogo. Bukuli likuti ayi." Anayendetsa chala pa tsamba. "Makiyi a kumbuyo, watenga kalaliki, 12:17. Pobweza sipanalembedwe kanthu. Nanga a Woona awiri akatsutsana timatani?"

"Mumafunsa kuti analemba ndani, analemba liti, ndipo pomalemba anaima kumbuyo kwake ndani."

Anayankha monga ankayankhira chaka chilichonse. Koma mtsikanayo sankawamveranso. Chala chake chinali chitaima pa seveni wa patsambapo, wa mchira wopindika ngati mbedza. Anakweza maso, anayang'ana 17 wa pabolodi, anabwerera pa tsamba, anayang'ananso bolodi. Mnzake wa pambali anasuzumira, n'kugwira pakamwa. Chete anayenda benchi ndi benchi mpaka kumbuyo, kwa mwini mano uja, amene anabisa kabotolo kake m'desiki.

"Aphunzitsi," anatero Loya pang'onopang'ono, "kalaliki ameneyu ali moyo?"

Kunja mphepo inakankha windo. Chumuni chinali pomwe chinkakhala. Belu linali litatsala mphindi khumi ndi ziwiri, ndipo iwo ankadziwa kudzaza mphindi khumi ndi ziwiri: kulembetsa manotsi, kufufutitsa bolodi, kutuma wina kukatenga rejisitala.

Anavula magalasi, anawapinda, anawaika pa lipoti lija. Kenaka anakoka mpando wawo, umene sankaukhalira pophunzitsa, anaukhwekhwereza mpaka kumanzere kwa bolodi, n'kukhala pansi pa mawu aja akuti WOONA. Manja anawaika pamawondo.

"Tsegulani makope," anatero. "Lembani tsiku la lero, malo, ndi dzina la amene mukumufunsa. Dzinalo mukulidziwa. Zimene ndinene musazikhulupirire msanga, muziyerekeze ndi bukulo."

Mapepala anayamba kulira limodzilimodzi.

Loya sanatsegule kope lake. Anatseka buku la agogo ake, analikumbatira pachifuwa, ndipo anafunsa ndi mawu amene sanali a mwana wa sukulu.

"Makiyi aja ali kuti?"

"M'sutikesi, kunyumba."

"Mukawapereka kwa amayi anga. Inuyo, ndi dzanja lanu."

"Ndikapereka."

"Lero."

Belu linalira. Palibe anatuluka.