Kabati Imene Anayezera pa Ine

Ndikamva fungo la thabwa lopserera pobowola, ndimapezeka ndili ku Crumlin, kudziko la azungu komwe ndinakulira, m'khichini mwa ankolo Jere a khomo loyandikana nafe, mawindo atachita nthunzi, mvula ikuwaza panja, utuchi uli mbwee pansi. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba limodzi ndi amayi anga. Ine bambo anga sindinawadziwe, ndiye mumtima ndinali nditawatenga ankolowo kukhala anga, osawapempha n'komwe.

Tsiku lina anabwera ndi kabati yakale imene anagula kwa mzungu wina wosamuka, yonunkha chinyezi, mkati mopanda shelefu ndi imodzi yomwe. Ukalipentala sankaudziwa olo pang'ono. Ankaonera kanema wophunzitsa pafoni, kuimitsa, kubwezanso, lilime lili panja. Bowo loyamba makina anapyoza mpaka kunja. Shelefu yoyamba inapendekeka moti kapu inatsetsereka yokha, iwo n'kupinda kakatoni n'kutsamiritsa, amvekere, "Basi, yakhala!"

"Tadala, taima apa. Kweza mkono. Ukufika?"

Ndinkafika. Analemba mzere ndi pensulo pamene panathera zala zanga, ine n'kumachita kudzimva. Poika zidole zanga ndinali nditasankha kale.

Koma mabowo sanalekere pamzere wangawo. Anapitirira m'mwamba, ena kutsika m'munsi, uku ndi uku, ndipo ankolo ankalowetsamo tizikhomo togwira shelefu n'kutizulanso.

"Ankolo, mabowo onsewa ngachiyani?"

"Kuti shelefu izisuntha, mwanawe. Mwana wanga Chisomo akubwera, mapepala ake atuluka. Ndinamusiya ku Ntcheu akukwawa, ndipo pafoni msinkhu suoneka. Ndiye ndati ndiyambire pa iwe, paja munabadwa chaka chimodzi."

Iii, zinandiwawa! Kani ine ndinali tepi yoyezera chabe. Ndinamuda mtsikanayo asanakwere n'komwe ndege.

Anafika ali wamtali ngati nzimbe, Chichewa chake chosalala pamene changa chinali chopunthwapunthwa, ndipo mawu aliwonse ankayamba ndi "adadi". Ankolo anamuimika pakabati paja, pamalo panga penipeni. "Kweza mkono, mama." Anazula tizikhomo akuseka misozi ili m'maso, n'kukweza mashelefu onse. Onse awiri atatembenuka, ine ndinanyanyamphira mwakachetechete kuti ndikhudze shelefu. Sindinafike, ndipo palibe amene anaona.

Ankolo anatisiya kale. Chisomo lero ndi mnzanga wapamtima, ndipo kabatiyo ili kwake ku Santry, ana ake amasungamo nsapato. Ndikapita kukacheza ndimatsegula chitseko chake ngati ndikufuna kanthu. Mzere wa pensulo ulipobe, pafupi ndi bowo lopyoza lija.

"Aa, iwenso, ukufunanji m'nsapatomo?" amatero Chisomo. "Kabati yonyansayi ungoitenga."

Ndimakana. Si kabatiyo imene ndinkafuna.