Rosina, Nesi Amene Anabweza Chikanda

Rosina Chimbalanga anabadwira ku Ntcheu, ndipo unesi anauyambira pachipatala cha mishoni komwe wodi imodzi inkakhala ndi odwala makumi anayi, ena ogona pansi. Anagwira kumeneko zaka khumi ndi ziwiri. Atafika ku America mu 2009 anamuuza kuti mapepala ake ngoperewera. Anayambiranso pansi, kusambitsa okalamba ndi kuwatembenuza pabedi. Mayeso a unesi anawalephera koyamba. Kachiwiri anakhoza, ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Sanachite phwando. Lolemba lotsatira ananyamuka ku Greenbelt monga mwa masiku onse, kupita ku Wheaton kunyumba yosamalirako okalamba, atangosintha mtundu wa yunifomu.

Anzake pantchito amamudziwa kuti sathamanga. Ngakhale wodwala amene wakhala naye zaka zitatu amamufunsabe dzina asanamupatse mankhwala. Kutchalitchi amati ngouma pakamwa, chifukwa ukamufunsa za munthu wakumudzi amene wagonekedwa kuntchito kwakeko, amangoti, "Muwaimbire eni ake."

Chaka chatha kunabwera a Chabala, bambo a ku Lusaka amene anayendetsa galimoto za akazembe ku Massachusetts Avenue kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Sitiroko inawapha dzanja lamanja, n'kuwalanda Chingelezi chonse. Chinatsala ndi Chinyanja cha kwawo, chotuluka movutikira. Ankawamasulira ndi mwana wawo Lillian, wobadwira konkuno, amene Chinyanjacho amachimva koma kuyankha amayankha m'Chingelezi.

M'mawa wina dokotala anafunsa mmene akupezera. A Chabala analoza pakhosi.

"Manzi sayapita bwino apa," anatero.

Lillian anauza dokotala kuti bambo ake akufuna madzi ambiri. Rosina anali pambali, akuwayeza BP. Anadikira kuti makina amalize, kenako anauza dokotala kuti si zimene anena: akuti madzi sakutsika bwino kummero. Anawonjeza kuti dzulo lake anawamva akutsokomola atangomwa tiyi. Dokotala analamula kuti apatsidwe zakudya zopotapota ndi madzi okhuthala mpaka ayezedwe kamezedwe. Rosina anapemphanso kuti pa nkhani zikuluzikulu aziitanitsa womasulira wa pafoni, osadalira iye kapena mwana.

Lillian anatuluka maso ali pansi. Rosina anamupeza pakhonde.

"Si mlandu wako, mwanawe. Mawu awo akutuluka theka. Ngakhale ine ndinachita kutchera khutu."

Lamulungu masana kunafika akazi a a Chabala, amayi Chishimba, amene Rosina ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Anatseka chitseko, n'kumasula kambale ka chikanda, chakudya cholimba cha timizu ta m'tchire ndi mtedza, chimene anachita kuitanitsa kwa m'bale wochokera ku Lusaka. Rosina analowa ndi mankhwala, n'kupeza chidutswa chili kale m'dzanja la mayiwo.

"Pepani amayi, chimenecho ayi."

"Ba Rosina, kang'ono chabe. Munthu sabata yonse ali pa phala monga mwana."

"Ndikumva. Koma chikalowera kumapapo, kutulutsa kwake n'kovuta."

"Manje imwe, wathu-wathu, ndimwe mutikaniza? Azungu aba sadziwa vakudya vathu. Imwe muvidziwa."

"Ndikuzidziwa, n'chifukwa chake ndikuti ayi. Ndipo ndikuuzirenitu, ndilemba kuti chinabwera, kuti anzanga a shifiti ina adziwe."

Mayiwo anavundikira kambaleko. A Chabala anakatsatira ndi maso mpaka kanalowa m'chikwama, kenako anatembenukira kukhoma. Mankhwala anamwa osamuyang'ana Rosina. Iye zinamuwawa, pakuti fungo la chikandacho naye linamukumbutsa msika wa ku Lizulu, koma anakakhala pakompyuta n'kulemba zonse mmene zinachitikira, nthawi yake ndi mawu amene ananena.

Lachiwiri a Chabala anawayeza kamezedwe. Zinaoneka kuti madzi wamba ena ankalowera kumapapo osawatsokomoletsa n'komwe. Lillian anabwera kudzamuuza Rosina zotsatirazo, ngakhale Rosina anali ataziona kale. Amayi Chishimba sanabwere. Kutchalitchi anasiya kumupatsa moni, ndipo nkhani inayenda yoti Rosina anakaneneza banja la eni kwa azungu. Rosina sanadziyankhire. Kuti afotokoze, akanayenera kuulula za matenda a munthu, ndiye anangozisiya.

A Chabala anakhala miyezi itatu akuphunzitsidwa kumeza, poyamba ndi kasupuni, kenako ndi kapu. Ananenepako pang'ono. Chingelezi chinabwerera chapatalipatali, makamaka mayina a misewu. Tsiku lotuluka, Rosina anakhala pansi ndi amayi Chishimba n'kuwafotokozera m'Chichewa pepala lonse la kadyedwe: azidya atakhala tsonga, chakudya chizikhala chofewa motani, akayamba kutentha thupi aimbe kuti. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, anafunsa mafunso awiri, n'kupinda pepalalo bwinobwino. Moni wa kutchalitchi unabwerera patapita miyezi ina iwiri, popanda wina kutchula za kale.

Pabedi la a Chabala panagona agogo ena a ku El Salvador, odwala shuga, amene Rosina sankamva liwu lawo ngakhale limodzi. Anakoka mpando, n'kuyatsa foni ya womasulira, n'kuyamba kuwafunsa ngati pali mankhwala amene amawawenga.