Tsiku lolembedwa pa khonde la a Benvinda

Shikola ya m'mudzi wa a Benvinda Nanzunga, ku Ntengo-Wambalame, inatenthedwa mu Okutobala 1985, mvula yoyamba isanagwe. Amuna a mfuti ochokera m'tchire anafika m'mawa ana ali pa mzere, anawabalalitsa, nasonkhanitsa mabenchi pakati pa chipinda n'kuyatsa moto. Mphunzitsi, amene anthu ankamutcha pulofesoro Octávio, anapita naye kuseri kwa munda wa tirigu, ndipo mtembo wake unapezeka tsiku lotsatira. Ameneyu anali mwamuna wa a Benvinda. Anawasiyira ana awiri, Alzira wa zaka khumi ndi Clemente wa zaka zinayi, munda wa kachewere, ndi bokosi la malata lodzaza mabuku.

A Benvinda sanali mphunzitsi. Anaphunzira kwa asisitere mpaka kalasi yachitatu, kenako bambo awo anati mtsikana wodziwa kulemba dzina lake wakwana. Chipwitikizi ankachiwerenga pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mawu. Koma Alzira anali atatsala chaka chimodzi chokha kuti alembe izame ya kalasi yachinayi, mayeso amene ankatsegulira mwana njira ya ku shikola ya ku vila, tauni yaing'ono ya Tsangano, ndipo malemu Octávio ankanena poyera kuti mwanayo adzakhala namwino. Maliro atatha, a Benvinda anatsimikiza mtima kuti tsiku limene shikola idzatsegulidwenso, mwana wawo adzalowa m'chipinda cha izame ali wokonzeka. Anangotsala ndi funso la chimene angamuphunzitse, ndi buku liti.

M'masiku amenewo funsoli linali la moyo ndi imfa. Buku la boma likapezeka m'nyumba, a m'tchire ankati mwini nyumbayo ndi wa boma. Buku la kutsidya kwa malire likapezeka, asilikali a ku vila ankafuna kudziwa amene munthuyo amakumana naye akawoloka. Mabanja ambiri anathetsa nkhaniyi pa moto, ndipo ena anapereka mapepalawo kwa osuta fodya.

Mu Januwale 1986 mchimwene wawo wamkulu, a Valentim, amene ankawolotsa kachewere pa njinga kukagulitsa ku Lizulu, anabwera ndi mabuku awiri a ku Malawi atawabisa m'thumba la mchere. Anapeza mlongo wawo kuseri kwa nkhokwe atayala mabuku a mwamuna wawo pa mphasa, ndipo pambali pake pali buku la mapemphero la Chichewa limene linali la amayi awo.

"Kodi mwatsegula sitolo, Nanzunga?" anafunsa a Valentim. "Tsekani msanga, makasitomala ake amabwera ndi mfuti."

"Ndikusankha, achimwene."

"Ndakusankhirani kale. Awa ndi a kutsidya. Tonse tidzathera komweko, mwana adzafika akudziwa kale za kumeneko."

A Benvinda anatsegula limodzi mwa mabukuwo, nayang'ana chithunzi cha mnyamata ndi galu, n'kulitseka.

"Ichi n'Chingerezi. Ndimuphunzitsa bwanji chimene ine sindichimva? Kapena mubwera ndinu, poti mumadziwa kutukwana m'Chingerezi pa msika?"

"Ndiye muphunzitseni la mapempheroli. A m'tchire akalipeza amavula chipewa."

"Izame salemba ndi mapemphero."

"Izame yake iti, mlongo wanga? Amene ankalembetsa izame tinamuika m'manda ndi manja athu." A Valentim anaona kuti mawuwo apweteka. Kenako anapitiriza motsitsa mawu. "Ana awa ndi mbumba yanga. Ndine malume awo, ndipo ndikuti mabuku a boma awa apse."

"Mbumba ndi yanu, koma mabukuwa ndi a bambo awo. Nkhondo idzatha, ndipo boma silidzafunsa ngati mwana amadziwa kupemphera. Lidzafunsa kalasi."

A Valentim anabwerera ndi mabuku awo, ndipo sabata yotsatira anakawasinthanitsa ndi sopo.

A Benvinda anasankha mabuku anayi: la Chipwitikizi la kalasi yachinayi, la masamu, la za chilengedwe, ndi buku lotsogolera mphunzitsi, limene linkafotokoza phunziro lililonse kuyambira poyambira mpaka potsirizira. La mbiri ya dziko analitentha lonse. Pa anayi otsalawo anang'amba zikuto, ndipo ndi lumo lometera la mwamuna wawo anadula tsamba lililonse lokhala ndi mbendera, msilikali kapena nkhope ya mtsogoleri. Makope ndi mapensulo anawataya m'chimbudzi, chifukwa pepala lolembedwa ndi dzanja la mwana likanakhala mboni. Mabukuwo anawakulunga m'thumba la feteleza n'kuwakwirira m'mphepete mwa munda, pansi pa mtengo wa mapichesi.

Shikola ya Alzira inali munda wa kachewere. M'mawa ankalima, ndipo dzuwa likakwera mayi ndi mwana ankakhala pakati pa mizere, pamene munthu wodutsa m'njira akanangoona akazi awiri akupuma. A Benvinda ankasalaza dothi ndi chikhatho, Alzira ankalemba ndi kamtengo, ndipo phunziro likatha ankafufuta zonse ndi mapazi. Pochulukitsa ndi pogawa ankagwiritsa ntchito nyemba. Mawu a Chipwitikizi akawakanika a Benvinda, ankawawerenga mobwereza mpaka mwanayo, amene anaphunzira zaka zitatu kwa bambo ake, ankawatanthauzira yekha.

Popeza a Benvinda sankadzidalira, ankatsata buku la mphunzitsi liwu ndi liwu, osadumpha kanthu. Bukulo linkati phunziro lililonse liyambe ndi mwana kulemba pamwamba dzina la malo ndi tsiku, monga amachitira m'shikola zonse za boma. Choncho m'mudzi momwe anthu anali atasiya kuwerenga masiku, Alzira ankadziwa tsiku lililonse, ndipo dzanja lake linazolowera kuti likaona malo osalala, liyambe ndi mzere umenewo. Pofika Epulo 1987 anali atamaliza mabuku onse kawiri. A Benvinda anamuyesa ndi mafunso a kumapeto kwa buku la mphunzitsi, ndipo analakwa awiri okha.

Mvula itatha, akazi a m'mudzimo anayamba kuzira nyumba zawo monga mwa chaka chilichonse. A Benvinda anakumba mtsiro wakuda ku dambo, nazira m'kati mwa nyumba, ndipo khonde anasiyira Alzira, iwo n'kupita kukatunga madzi ena. Atsikana akazira khonde amakonda kukongoletsa m'mphepete ndi chala mtsiro usanaume: ena amajambula masamba, ena mizere yokhotakhota. Alzira anaona dothi losalala bwino kuposa la kumunda kuja, ndipo analemba m'mbali mwa chitseko, ndi zilembo zozungulira bwino: Ntengo-Wambalame, 14 de Maio de 1987. Kenako Clemente analira kuseri kwa nyumba ataponda minga, ndipo Alzira anapita kukamuzula, osafufuta.

A Benvinda pobwera anadzera kuseri, kumene kunali mitsuko. Tsiku lonse analowa ndi kutuluka pokhotera khondelo kuti asaponde mtsiro wauwisi, ndipo maso awo sanagwe pa zilembozo. Dzuwa la Meyi linaumitsa zonse.

Patatha masiku awiri, masana, amuna asanu ndi awiri a m'tchire analowa m'mudzimo kufuna anthu osenza chimanga kupita nacho ku msasa wawo, cha ku Macanga. Zimenezi zinali zitachitikapo kangapo: osenzawo ankayenda masiku atatu kapena anayi, n'kubwerera ndi mapazi otupa. Mtsogoleri wa gululo, munthu wamtali wovala jekete lopanda mabatani, anakhala pa khonde la a Benvinda kudikira kuti anthu asonkhane. Anapempha madzi. Akumwa, anayang'ana pansi pafupi ndi bondo lake, nawerenga chapamtima, milomo ikuyenda.

"Mayi, walemba apa ndani?"

A Benvinda anayang'ana, ndipo ndi pamene anaona koyamba.

"Ndine, bambo."

"Inu? Chabwino. Lembaninso apa." Anawapatsa kamtengo, nasalaza fumbi la pabwalo ndi nsapato yake.

A Benvinda analemba. Zilembo zawo zinali zazitali, zopendekera, za kwa asisitere. Munthuyo anayerekeza ziwirizo naseka pang'ono.

"Inu munaphunzira nthawi ya atsamunda, mayi. Izi ndi za shikola ya masiku ano. Shikola ya kuno tinaitseka chaka chijachi, ndiye pulofesoro watsopano mwamubisa kuti?"

"Kulibe pulofesoro. Funsani aliyense."

"Ndifunsa. Ndiyamba ndi mkulu uyo wa njinga."

Awiri mwa amuna a mfuti aja anagwira a Valentim, amene anali ataima pakati pa osenza, n'kuwagwetsa pansi. Apo Alzira anatuluka m'nyumba nati walemba ndi iye, ndipo malume ake sadziwa kanthu. Mtsogoleriyo anamupatsa kamtengo kaja. Anamuuza mawu a Chipwitikizi, mwanayo analemba. Anamupatsa nambala ziwiri zoti achulukitse, mwanayo anayankha asanalembe n'komwe.

"Mabuku ali kuti?"

"Ndinawatentha," anatero a Benvinda.

"Zilibe kanthu, alowa kale m'mutu umu." Anadzuka napukuta fumbi pa buluku. "Musaope, mayi, sitikulangani. Mwagwira ntchito yabwino. Kwathu kuli anthu mazana, koma wolemba zowerengeka kulibe. Uyu sasenza thumba."

A Benvinda anagwada, napempha kuti atengedwe iwo m'malo mwa mwanayo, popeza nawonso amalemba. Munthuyo anayankha kuti zolemba zawo waziona kale.

Anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi anachoka m'mudzimo masana amenewo. Patatha sabata, khumi ndi asanu anabwerera, kuphatikizapo atsikana atatu a msinkhu wa Alzira amene sanapondepo m'shikola. A Valentim, amene anabwerera ndi nthiti ziwiri zothyoka, anati atafika ku msasa mwanayo anamulowetsa m'nyumba ya akuluakulu, ndipo sanamuonenso. Mawu oti "ndinakuuzani" sanatuluke pakamwa pawo, ngakhale a Benvinda anawadikira masiku ambiri, ndipo mwina mtima wawo ukanapepuka akanawamva.

Mu 1988 mudziwo unatha, ndipo a Benvinda anasamukira ku vila ya Tsangano, kumene othawa anamanga zisakasa pafupi ndi asilikali. Kuwoloka malire anakana, chifukwa mwana akadzathawa adzayamba kufunsa ku vila. Anayamba kugulitsa kachewere pa msika. Shikola ya pa vila inkaphunzitsa pansi pa mitengo, ndipo mkulu wake, a Domingos, amene anadziwana ndi malemu Octávio, anabwera yekha kudzalemba Clemente.

"Mwana wa pulofesoro sangakhale osadziwa kuwerenga, mayi."

"Angakhale, a diretore. Akudziwa khasu, ndipo wa khasu amabwerera."

A Domingos anabweranso kawiri, kenako anasiya.

Mu Julayi 1989 pa msika panafika mayi wina wowonda, dzina lake Laurinda, wa ku Chidzolomondo, akufunsa za mayi wa mtsikana wotchedwa Alzira. Anali atakhala zaka ziwiri pa msasa wa a m'tchire monga wolima ndi wophika. Anakhala pansi pambali pa milu ya kachewere nafotokoza zimene ankadziwa. Alzira anali moyo. Anatalika. Sankamenyedwa, ndipo ankadya pamodzi ndi akuluakulu. Ntchito yake inali kulemba makalata ndi ma giya, timapepala ta chilolezo timene munthu ankaonetsa kwa alonda akafuna kutuluka mu msasa.

"Nanga bwanji sanabwere nanu?" anafunsa a Benvinda.

"Ife olima amatiyang'anira ndi diso limodzi, amayi. Wina akathawa amagwira wina. Koma iye ali ndi mlonda wake, amamuperekeza ngakhale kumtsinje. Amati akasowa uyu, msasa ukhala wakhungu."

"Anatumiza mawu?"

"Anati ndikuuzeni kuti ali bwino. Giya imene ndinatulukira anandilembera ndi iye. Ndinapempha ya ku munda wa pafupi, iye analemba ya kutali, kumene kulibe alonda ambiri."

A Benvinda anapukuta manja pa chitenje natambasula dzanja.

"Ndioneni pepalalo."

Laurinda anayang'ana pansi.

"Ndinalimeza, amayi. Nditaona asilikali a kuno patali, ndinadziwa kuti akalipeza pa ine andiyesa kazitape. Ndinalitafuna lonse."

A Benvinda anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono. Chiyambire kumuphunzitsa mwana wawo, anali asanaonepo zolemba zake pa pepala.

"Zinkaoneka bwanji?"

"Ine sindiwerenga, amayi."

"Sindikufunsa zimene zinalembedwa. Ndikufunsa maonekedwe ake."



"Zinali zoyera bwino, zosafufutika pena paliponse. Mlonda wa pa njira anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kuuza mnzake kuti mwana wolemba chonchi akuluakulu sadzamulola kuchoka mpaka nkhondo ithe, mwinanso ikatha."

Wogula wina anaima patsogolo pawo nafunsa ngati kachewereyo ndi wa chaka chino. A Benvinda anamuyankha kuti inde, namupatsa mulu umene analoza, ndipo atachoka anauza Laurinda kuti ayambirenso, kuchokera pa tsiku limene anamuona mwanayo koyamba.