Bwato la njerwa pansi pa malata

Pa boma la Chama, mukatchula dzina la a Wilbroad Goma, anthu akale sakumbuka makalasi amene bamboyu anamanga, kapena nyumba za aphunzitsi zimene sizinang'ambike ngakhale pangodya. Amangoti, "Oo, aja a mabwato?" Ndiye mlendo amayesa kuti akunena msodzi wa ku Luangwa. Ayi ndithu. A Goma madzi ankawaopa koopsa, ndipo mabwato awo anali a njerwa, omangidwa pamtunda, m'mbali mwa khoma la nyumba.

Anali mmisiri womanga, wamfupi, wosalankhulalankhula, kwawo ku Tembwe. Mkazi wawo Tamala, amene aliyense ankawatchula kuti a NyaZimba, anakawatenga ku Kambombo. Mwana anali mmodzi yekha, Damaris, amene atakula anakwatiwa kutali ku Mufulira. Chibadwire cha mwanayo, chiuno cha a NyaZimba sichinabwererenso m'malo mwake. Kuyenda ankayenda, kusinja ankasinja, koma kuwerama ndiye inali nkhondo. Tangoganizani, mkazi wa ku Kambombo wosatha kuwerama kuti athyole ndiwo! Anzawo akamatsikira kumadimba, iwo ankatsala pakhomo kudikira kuti wina awagawireko kam'manja. Ankalandira ndi manja awiri n'kuthokoza bwinobwino, koma zinkawadya mumtima.

Chaka china a Goma, akumanga nyumba ya mphunzitsi, anasiya mulu wa njerwa zosweka pamene madzi a padenga amagwera. Atabwerako mvula itagwa kangapo, anapeza bonongwe ataphuka pakati pa njerwazo, wonenepa, ali biriwiri. Palibe anamubzala. Anaima pamenepo nthawi yaitali mpeni womangira uli m'manja, mpaka matope anawaumira m'wilibala.

Loweruka lake anayamba kumanga pakhomo pawo. Anasiya mpata wa zikhato ziwiri kuchokera pakhoma kuti chinyezi chisalowe m'nyumba, n'kuyala njerwa motsatira mzere umene madontho a malata amakumba pansi. Anakweza mpaka m'chiuno mwa mkazi wawo, ndipo poyeza sanagwiritse ntchito chingwe, anawaimika eni akewo. Mzere wapansi anasiya mabowo otulukira madzi. M'kati anathira zidutswa za njerwa, pamwamba pake dothi lakuda la kudzala, kuja amataya zinyalala. Chinthucho chinatuluka chachitali, chopapatiza, ndipo ana odutsa ndiwo anayamba kukuwa kuti a Goma amanga bwato.

Mvula itabwera, bwato linadzaza lokha. Munamera bonongwe, chisoso, denje, timatimati tating'ono towawasa tija, dzungu limene linakwera mpaka padenga, ndiponso luni, ndiwo imene a NyaZimba ankaikonda kuposa nyama. Tsiku loyamba kuthyola ali chiimire, msana uli njo, mayiyu analira. Chilimwe ankathiramo madzi otsukira mpunga ndi mbale, moti ngakhale mu Okutobala, chigwa chonse chikamapsa, pakhomo pa a Goma pankakhala kobiriwira. Zaka zonsezo a Goma sanafesemo mbewu ndi kamodzi komwe. Ankangoti, "Ine ndimamanga chabe. Wofuna kubwera abwere yekha."

Aphunzitsi ndi anamwino ochokera ku Kitwe ndi ku Lusaka poyamba ankaseka. Anthu a m'tauni amenewa! Amafika ndi nsapato zowala n'kumafunsa kumene amagulitsa kabichi. Koma ikafika Febuluwale, msewu wa ku Lundazi utaduka, kumsika kuli mbee, omwewo ankabwera mwakachetechete: "Abambo, kodi ka bwato kaja simungatimangireko?" A Goma anamanga mabwato oposa khumi pa boma ponse.

Munthu mmodzi yekha sanagonje, a Jackson Ng'uni, mnzawo wa pantchito kuyambira paunyamata. Ameneyu anali katswiri wa pulasitala. Khoma akalisalaza a Jackson, ntchentche inkaterereka. Kwa iwo pakhomo pabwino panali poyera, posesedwa, popanda ndi kaudzu komwe. "Achimwene," ankatero akugwedeza mutu, "njerwa zabwinobwino kumangira tchire? Tsiku lina njoka idzandilumira mlamu wanga." Onse atatu ankaseka, kenako a Jackson ankadya luni yemweyo mpaka kunyambita zala. Ankawakonda a NyaZimba kwambiri, pakuti mkazi wawo atamwalira, ndi mayiyu amene anawadyetsa chaka chathunthu.

Matenda anawagwira a NyaZimba mu 1997. Anayamba ngati chifuwa wamba, kenako thupi linayamba kutha, ndipo mu Okutobala anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Lundazi. Makiyi a nyumba anasiyira a Salome, mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi kwawo. Masabata asanu ndi awiri a Goma anakhala kumalo a odikirira odwala, mwamuna yekha pakati pa amayi, akulimbana ndi poto. Manja odziwa njerwa aja poto anawakana. Nyemba zinkapserera pansi, pamwamba zili zaziwisi.

Tsiku lina a NyaZimba analawa, n'kukankha mbale, n'kuseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Atate ake a Damaris," anatero atapezako mpweya, "ine sindikupempha zambiri. Ndikafike pakhomo panga, ndikathyole luni ndi manja angawa, ndikutendereni, mudye ndiwo zophika munthu. Kamodzi kokha. Zaka makumi atatu ndakuphikirani, ndiye mutsale mukundikumbukira ndi nyemba zanu zopsererazi?"

"Mukathyola, NyaZimba," anayankha a Goma. "Ndikakufikitsani."

Kuyambira pamenepo nkhani inali yomweyo. Mvula yoyamba itagunda malata a chipatala, mayiyu anatsegula maso n'kunena kuti, "Manje luni wamera." Patapita sabata anati, "Manje ali ndi masamba anayi." Mankhwala ankameza, phala ankadzikakamiza, zonse chifukwa cha bwato la njerwa limene linali kutali kuseri kwa mapiri. Kumayambiriro kwa Disembala dokotala anawaitanira pambali a Goma n'kuwauza kuti ndi bwino mayi akapumulire kunyumba msewu usanaduke. A Goma anamva tanthauzo lake. A NyaZimba nawo anamva, koma anakondwera ngati mwana wopita kutchuthi.

Uthenga unatsogola ndi dalaivala wa lole kuti odwala akubwera Lachisanu.

Apa ndiye pamene pamawawa, chifukwa palibe amene anachita choipa. A Salome anasonkhanitsa amayi anzawo ndi makasu ndi matsache. Anachapa zofunda, anapaka nyumba njereza, analambula bwalo mpaka kumsewu, dzala analitentha n'kulikwirira. Atafika pabwato anapeza zomera zafika pawindo la kuchipinda. Udzudzu umenewo, njoka zimenezo, pamutu pa munthu wodwala? Anazula zonse, ndiwo anagawana. A Jackson anali ndi matumba awiri a simenti amene ankasungira khonde lawo. Anawasenza okha. Anagumula mizere ya pamwamba, anafukula dothi lonse, anathiramo miyala, n'kuwaka mpando wautali wokhala ndi potsamira pomwe, woti mlamu wawo aziotherapo dzuwa. Anausalaza masiku awiri, n'kuupaka polishi wofiira. Ntchito yokongola ngati imeneyo sanagwirepo chibadwire.

Lole inafika dzuwa litapendeka. A Goma anawabereka akazi awo kumsana kuchokera pamsewu, ndipo sankalemera n'komwe. Amayi anawachingamira ndi nyimbo. Pokhota pangodya ya nyumba, a Goma anamva zala za mayiyu zikuwafinya paphewa, kenako zinalekerera.

"Tchire linali pamenepa, amama!" anatero a Salome akupukuta thukuta, nkhope ili mwee. "Koma za ndiwo musade nkhawa. Tagawana masiku, tizikubweretserani zophikaphika. Inu ntchito yanu manje ndi kukhala basi."

A Jackson anaima pambali chipewa chili m'manja, akudikira. A Goma anayang'ana mpandowo. Ankafuna kukuwa, ankafuna kugwira munthu pakhosi, koma munthu wake uti? Amene wapereka simenti ya khonde lake? A NyaZimba anawanong'oneza kuti awatsitse. Anakhala pampando paja pang'onopang'ono, anasisita simenti ndi chikhato, kenako anaomba m'manja mwaulemu n'kuthokoza.

"Tawonga, alamu. Tawonga, amayi nonse. Mwandilemekeza."

Anthu anaimbanso. A Jackson analira ndi chimwemwe.

M'mawa mwake a Goma anatuluka ndi nyundo yaikulu. Asanaikweze anamva mawu a akazi awo pawindo.

"Mukufuna kutani?"

"Ndiphwanye. Mwina pansi patsalako dothi."

"Mukaphwanya, a Jackson adzadutsa bwanji pakhomo pano? Bwezani nyundoyo."

"Ndiye ndikukwezeni panjinga, tipite kwa aphunzitsi aja. Bwato lawo ladzaza, ndinamanga ndine."

Mayiyu anapukusa mutu. "Ndikathyole pakhomo pa eni ngati wopempha? Zimenezo ndinasiya kalekale, atate ake a Damaris. Munandisiyitsa ndinu."

A Goma anabweza nyundo, natenga wilibala. Anamanga bwato lina kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khitchini, kumene wodutsa pamsewu sangaone, ndipo limenelo ndilo lomaliza limene anamanga pamoyo wawo. Anagwira ngati wamisala, masiku awiri linatha. Dothi anakapempha kudzala la anamwino. Anakazulanso luni wamkulu kwa aphunzitsi n'kudzaoka, koma dzuwa la m'chigwa silichita chisoni, pofika masana anali atagona yense. Pamenepo munthu uja wonena kuti wofuna kubwera abwere yekha anayenda khomo ndi khomo kupempha njere za luni, nazifesa ndi manja ake omwe. Ankathirira m'mawa ndi madzulo, n'kumagwada kusuzumira dothi, kumalilankhula. "Fulumirani, inu. Chonde fulumirani."

Ndiwo zinkabwera monga analonjezera a Salome, tsiku lililonse mbale yovindikira. Lero mnkhwani wotendera, mawa nsomba, mkuja nkhuku imene mwini wake ankasungira Khirisimasi. A NyaZimba ankalawa ndi nsonga ya chala, n'kutumiza mawu othokoza. Ndipo m'mawa uliwonse ankauza amuna awo kuti awanyamule akawakhazike pampando wofiira uja, pa nthawi imene a Jackson amadutsa popita kuntchito. Simenti inkawapweteka mafupa, a Goma ankaona, koma mayiyu ankakweza dzanja n'kumwetulira. A Jackson akangokhota, mayiyu ankati, "Basi, ndilowetseni."

Tsiku la khumi ndi limodzi chibwerereni kuchipatala, a NyaZimba anapempha kuti akaone kuseri. A Goma anawanyamula m'manja, nawaimika pabwato latsopano atawagwira m'chiuno. Muyezo unali womwe uja, sanauiwale. Dothi lonse linali litachita timadontho tobiriwira, timbewu tatimasamba tiwiritiwiri, tosaposa chikhadabo cha mwana. A NyaZimba anatambasula dzanja. Zala zinayenda pamwamba pake, zinagwira kambewu kamodzi, zinayesa kutsina. Panalibe chotsina. Anabweza dzanja n'kulipukuta pachitenje.

"Akadali makanda," anatero. "Tiwapatse sabata imodzi. Nsinjiro zilipo?"

"Zilipo."

"Musazipatse munthu."

"Sindipatsa munthu, NyaZimba."

Sabatayo sanaimalize. Anamwalira Lachinayi m'mawa, mvula ikuwaza, Damaris akadali panjira.

Maliro anali aakulu, pakuti mayiyu anadyetsa anthu ambiri. Amuna akuluakulu anakhala pampando wofiira uja, asanu n'kukwanapo bwinobwino, ndipo aliyense ankausisita n'kufunsa kuti mmisiri wake ndani. A Goma anakhala pansi, pamphasa, osayang'anako. Mtima unali utasweka, ndipo chimene chinkawapweteka koposa n'chakuti panalibe munthu woti amuuze.

Pobwera kumanda, anthu atayamba kubalalika, a Jackson anadzagwada pambali pawo. Maso anali atatupa, mawu akuthothoka.

"Achimwene, ine ndilibe mawu. Chimene chikunditonthoza n'chimodzi chokha. Mlamu wanga sanapite ndisanamuchitireko kanthu. Tsiku lililonse ndinkamuona ali pampando paja, akumwetulira. Anakhalapo, eti?"

A Goma anawayang'ana mnzawoyo nthawi yaitali. Mawu ena anafika pakamwa, koma anawameza. Anagwira dzanja la a Jackson, lokakala ndi simenti, ndi manja awo onse awiri.

"Anakhalapo, achimwene," anatero. "Anakhalapo."